Phunziro: Madzi akumwa namondwe akadutsa

Achinyamata anzathu a m'makalabu a kwa Mpama, phunziro la ulendo uno ndi la madzi. Mlembi awerenge mokweza, ndipo pomwe pavuta imani mukambirane.

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera. Pa 13 Marichi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawochi chakhudzidwa ndi ngozi yogwa mwadzidzidzi. Kuno ku Chiradzulu matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola mudzi wa Ntauchira, m'dera la mfumu yaikulu Likoswe. M'chigawo chonse anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo ambiri anakasungidwa m'masukulu ndi m'matchalitchi. Tsoka lake, namondweyu anatipeza tili kale pa mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700.

Kodi mvula ikachuluka chotere, bwanji madzi akumwa ndiwo amayamba kusowa? Madzi osefukira amadzaza zimbudzi zokumba, ena amazigwetsa, kenaka amanyamula zoipazo n'kukathira m'zitsime, m'mitsinje ndi m'madambo. Ngakhale mjigo umene timaudalira umalowa zonyansa ngati simenti ya pansi pake yang'aluka kapena unamizidwa. Matope akadikha madzi amaoneka oyera mbee, koma tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso.

Apa m'pamene nkhaniyi ikukhudzira anzathu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika akayamba kutsegula m'mimba, matendawo amamukhalitsa, thupi limatha madzi msanga, ndipo akamasanzanso ma ARV sakhazikika m'thupi. Palinso kachilombo kena ka m'madzi kotchedwa Cryptosporidium komwe kamazunza kwambiri anthu otere, ndipo sikafa ndi klorini wa muyeso wa madzi akumwa. Kamafa madzi akawira. N'chifukwa chake tikuti ngati nkhuni zouma zili zochepa, monga zimakhalira mvula ikagwa sabata yonse, madzi owiritsa ayambe aperekedwa kwa odwala ndi ana aang'ono. Awire mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu. Mwana wosakwana miyezi 6 asamwetsedwe madzi konse: ayamwe bere lokha, mayi ake akupitiriza kumwa ma ARV.

Banja lonse lithire klorini amene amagawa alangizi a zaumoyo, kapena WaterGuard. Tsatirani muyeso womwe mlangizi wanena kapena wolembedwa pabotolo, osati wongoganizira. Madzi akakhala a matope, adikhe kaye, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenaka muthire mankhwala. Dikirani mphindi 30 musanamwe. Ena amadandaula fungo la klorini mpaka kubwerera kuchitsime. Fungolo silipha munthu, kolera ndiye amapha, nthawi zina tsiku lomwelo.

Madzi ambiri amaipira m'nyumba momwe. Ndowa yosavindikira, kapu imodzi yotungira ndi kumwera, mwana wopisamo dzanja, ntchito yonse ija yapita pachabe. Chigubu cha pakamwa pang'ono chokhala ndi chotsekera chimaposa ndowa. Pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo, sopo akasowa phulusa. Wina akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. Musadikire kuti kuche.

Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera kuti munthu mmodzi amafunika malita osachepera 15 pa tsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Banja la anthu 6 ndiye kuti malita 90, zigubu za malita 20 zinayi ndi theka. Amasenza madzi onsewa ndani? Kawirikawiri ndi atsikana, ndipo mjigo wapafupi ukawonongeka amalawirira kusanache kupita kutali. Anyamata, kutunga madzi sikuchotsa ulemu. Atsikana, klorini, ndowa ndi ufa za chithandizo n'zaulere. Wina akafuna kugona nanu kuti akulembeni m'kaundula, kanani ndipo kaneneni kupolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu.

Ntchito ya kalabu mwezi uno ndi iyi. Gawanani awiriawiri, muyendere mjigo ndi chitsime chilichonse m'mudzi mwanu. Onani ngati simenti yang'aluka, ngati madzi akudikha pamjigo, komanso pimani mtunda wofika pachimbudzi chapafupi, womwe usachepere mamita 30. Lembaninso makomo a agogo ndi odwala amene sangathe kudzitungira okha, koma osalemba matenda a munthu. Zomwe mwapeza mukapereke kwa a komiti ya mjigo, a mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo mvula yoyamba isanagwe.