Kodi achinyamata a pa kanemawa adayambira kuti?

FUNSO

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 19, ndimakhala ku Chintheche. Ndidalemba mayeso a Folomu 4 chaka chatha. Kukhoza ndidakhoza, koma mapointi sadandilole kupita kuyunivesite. Pano ndimathandiza amayi kuyanika ndi kugulitsa usipa. Chimene mtima wanga umafuna ndi zisudzo. Kusukulu ndinkasewera, kutchalitchi ndimasewerabe, ndipo anthu amati ndili ndi luso. Madzulo timakaonera masewero a pa kanema kwa aneba amene ali ndi sola, ndipo ndikaona anyamata ndi atsikana a msinkhu wanga akusewera, tulo sindigona. Kodi amenewa adachokera kuti, nanga adayamba bwanji? Anzanga akuti onsewo ndi ana a mabwana a m'tauni, ndipo ine sangandilole chifukwa Chichewa changa chimamveka Chitonga. China n'chakuti bambo wina pa Facebook wandiuza kuti ndimutumizire ndalama ya fomu pa foni, kenako ndipite ndekha ku Lilongwe akandiyese. Amayi akukana. Ndichite bwanji? Yewu ukongwa.

Mtsikana wa kunyanja, Chintheche

YANKHO

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi bambo wa pa Facebook uja, chifukwa nkhani yake siyofunika kugona nayo. Ndalamayo usatumize, ndipo ku Lilongwe usapite wekha. Amayi ako alondola. Anthu ojambula sewero akafuna osewera amalengeza poyera, amatchula dzina la kampani yawo, malo ndi nthawi, ndipo kuyesako kumachitika masana, anthu ali pamzere, oyesa ali angapo. Munthu amene akukunong'oneza kumbali, nayamba ndi kupempha ndalama, nafuna kuti ubwere wekha, sakufuna luso lako. Atsikana ambiri apwetekedwa m'njira imeneyi, ndipo ambiri a iwo sadauze munthu chifukwa cha manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'funse dzina la kampani, dzina la sewero, ndi kumene masewero awo akale adaonetsedwa, umuuzenso kuti ubwera ndi amalume ako. Uona mmene azimiririre.

Tsopano funso lako lenileni. Anzakowo anena zoona pang'ono: makamera, masitudiyo ndi nyumba zoulutsira zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mwana wokulira kumeneko amamva msanga kukakhala mwayi. Koma zoti osewerawo adabadira m'nyumba za mabwana, ayi. Ukafufuza mbiri ya aliyense amene dzina lake lidakhazikika, upeza kuti kanema adamupeza ali kale panjira. Kanema amakolola. Kulima kumachitika kwina: m'kalasi yochotsamo madesiki, m'holo ya tchalitchi, pabwalo la mpira, pa wayilesi.

Kumbukira kuti dziko lathu lidakhala nthawi yaitali lopanda kanema wakewake. Television Malawi idatsegulidwa mu 1999, pamene wayilesi ya MBC idalipo kuyambira 1964. Zaka zonsezo zisudzo zinkakhala m'makutu ndi pansanja. Agogo ako akukumbukira Kapalepale ndi Pamajiga, masewero a pa wayilesi amene ankasonkhanitsa mudzi wonse kuzungulira kawayilesi kamodzi. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linkawatcha Izeki ndi Jakobo, adaphikika m'gulu la Kwathu, akuzungulira m'maholo a m'maboma ndi kumveka pa wayilesi, zaka zambiri anthu asadawaone pagalasi. Pamene kamera inkawapeza n'kuti akudziwa kale pamene munthu wa kumudzi amasekera ndi pamene amakhalira chete.

Njira ina, imene ikukukhudza kwambiri iwe, ndi ya kusukulu. Mpikisano wa zisudzo za m'sukulu za sekondale wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ATEM, ndiwo nazale imene idatulutsa mbande zambiri. Du Chisiza Jr adali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre pamene sewero lake la The Deceased's Attack lidapambana mpikisanowu mu 1982. Mu 1987 adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu limene lidaonetsa Amalawi kuti zisudzo zingathe kukhala ntchito yodyetsa munthu. Adamwalira mu Febuluwale 1999, kutangotsala milungu yowerengeka kuti kanema wa dziko lino ayambe kuulutsa, ndipo ine mpaka lero zimandipweteka ndikaganiza zimene akadachita nayo kamera. Koma taona mmene ulusi umayendera. M'gulu lake mudali Gertrude Kamkwatira, amene adalitsogolera iye atapita, kenako nayambitsa lake la Wanna-Do. M'gulu la Wanna-Do mudadutsa mtsikana wina amene adayambira ku ATEM komweko, Joyce Mhango Chavula. Iyeyu adasiya ntchito yolembedwa n'kuyambitsa gulu la Rising Choreos, ndipo mu 2016 filimu yake yotchedwa Lilongwe idapata mphoto ku Nigeria pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards, monga filimu yopambana ya kumwera kwa Africa. Kuchokera pansanja ya kusukulu kufika ku Lagos padadutsa zaka zambiri, magulu angapo, ndi masewero osawerengeka amene adaonetsedwa m'maholo osadzaza.

Michael Usi umamudziwa ngati Manganya wa mu Tikuferanji, sewero limene lidaphunzitsa anthu za Edzi pa wayilesi ndi pa kanema nthawi imene ambiri ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendawo. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kwa zaka zambiri pamene ankatiseketsa adalinso pantchito ku bungwe la ADRA. Mu 2024 adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Sindikumutchula kuti uganize zandale. Ndikumutchula chifukwa cha ntchito ya ku ADRA ija. Shemu Joyah, amene adapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, ndi katswiri woyeza malo. Ndikuuze mosabisa, mwana wanga: m'dziko muno osewera amene amadya zisudzo zokha ndi ochepa kwambiri. Masewero ambiri a pa wayilesi ndi pa kanema akhala akuyenda ndi ndalama za mabungwe, monga mmene Story Workshop idayendetsera Zimachitika ndi Timasukirane, ndipo pulojekiti ikatha, malipiro amathanso. Wachinyamata amene ukumuona atavala bwino pagalasi mwina zovalazo ndi zake zomwe, wabwera nazo m'chikwama, ndipo mawa m'mawa ali kuntchito kapena pa geni yake. Choncho usipa wa amayiwo usaunyoze. Ndiwo ungakulipirire basi tsiku limene mwayi weniweni udzapezeke.

A msinkhu wako amene akutuluka masiku ano ali ndi khomo lina limene akuluakuluwa adalibe. Ambiri akuyamba ndi timasewero tifupitifupi tojambula pa foni n'kuika pa Facebook, TikTok kapena YouTube, ena akudzera m'mavidiyo a nyimbo, ena m'magulu monga Nanzikambe ndi Solomonic Peacocks, ena ku University of Malawi ku Zomba kumene zisudzo zimaphunzitsidwa ngati phunziro. Lily Banda ankadziwika ngati woimba ndi mlakatuli asadasewere mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mbiri ya William Kamkwamba imene idajambulidwa ku Kasungu n'kutuluka pa Netflix mu 2019.

Filimu imeneyi ikuyankhenso za lilime lako. Mnyamata amene adasewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Chiwetel Ejiofor, amene adasewera ngati bambo ake, adabadira ku London. Onse awiri adachita kuphunzira Chichewa, ndipo aliyense wa ife adamva kuti malilime awo ndi achilendo, komabe anthu adagwetsa misozi poonera. Nanga iwe, Mmalawi, uchite manyazi chifukwa mawu ako akununkhira nyanja? Vuto la masewero athu ambiri n'lakuti aliyense amalankhula ngati wakulira ku Ndirande kapena ku Kawale, ndipo Mtonga akaoneka, amakhala woti anthu amuseke chifukwa cha suti ndi Chingerezi. Zimenezi zimandinyansa. Tikusowa mtsikana amene angasewere mayi wa ku Chintheche weniweni, amene mwamuna wake adapita ku Joni zaka zisanu zapitazo ndipo foni idasiya kulira, amene amadziwa kulemera kwa dengu la chinangwa chonyika ndi fungo la kondowole. Amenewo sangaseweredwe bwino ndi mwana amene nyanja amaionera pa tchuthi. Chichewa chako chinole, inde, uziwerenga mokweza tsiku ndi tsiku kuti mawu azituluka bwino, Chingerezinso chimodzimodzi. Koma Chitonga usachitaye. Wosewera wa zilankhulo zitatu amafunidwa kuposa wa chimodzi.

Ndipo usaganize kuti kwanuko kulibe sukulu ya zisudzo. Pita ukaime pamene gulu la malipenga likukonzekera. Taona bambo amene m'mawa adali m'bwato, manja ali mamba okhaokha, madzulo wavala kabudula woyera wosita bwino, sokosi zofika m'maondo, nkhope yauma ngati msilikali weniweni. Wina ndi mfumu ya gululo, wina ndi dokotala, aliyense ali ndi udindo wake ndipo satulukamo ngakhale ana amuseke chotani. Mwendo umanyamuka pang'onopang'ono, osathamangira ng'oma. Kudziletsa kumeneko, kukhala munthu wina thupi lonse popanda kuphethira, ndi chimene aphunzitsi a zisudzo amavutika nacho miyezi kuti ophunzira achigwire. Amayi a chilimika nawonso amadziwa kuyenda pamodzi ndi kuyang'ana anthu m'maso. Anthu adachoka maiko akutali kudzaonera chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars pamchenga wa Chintheche Inn mu 2004, nabweranso mu 2016. Malo amene iwe ukuwaona ngati kuthengo, ojambula amawalipirira ndalama zambiri kuti awapeze.

Pali chinthu chimodzi chimene nsanja ya kutchalitchi siyingakuphunzitse, ndipo ndidachiona ndi maso tsiku lina nditaperekeza mwana wa mchemwali wanga kokajambula. Adali katswiri kusukulu kwawo, mawu ake ankafika kumpando wakumbuyo popanda chimkuzamawu. Tidafika m'mawa kwambiri, tidadikira mpaka dzuwa litapendeka, chakudya chili mabanzi ndi sobo. Nthawi yake itakwana, adayenera kungonena mawu asanu kwa mayi wake wa m'seweromo. Adatambasula manja, natuzula maso, nakweza mawu monga adazolowera. Wotsogolera adamuimitsa. Adabwereza, adamuimitsanso. Kachisanu ndi chitatu mwanayo adali atatopa, misozi ili m'mphepete, ndipo adangonena mawu aja motsitsa, akuyang'ana pansi. Pamenepo mpamene wotsogolera adati zatheka. Pobwerera mwanayo adakhala chete mu minibasi njira yonse, kenako adandiuza kuti, "Azakhali, kamera imamva ngakhale zimene ukuganiza." Pansanja umatumiza mawu kwa anthu. Pa kamera anthu ndi amene amabwera kwa iwe, pafupi kwambiri, mpaka kuona kunjenjemera kwa mlomo.

Zimenezi ungayambe kuziphunzira sabata ino. Mutu umodzi susenza denga, choncho sonkhanitsa anzako anayi kapena asanu a kutchalitchi ndi amene mudali nawo kusukulu. Lembani nkhani ya mphindi zitatu, ya zimene zimachitika pa doko panu: mkangano wa mtengo wa usipa, mwana amene akufuna kuthawa sukulu kuti alowe m'bwato. Bwerekani foni yabwinoko. Jambulani m'mawa nyanja isadayambe kuwinduka, chifukwa mwera ukalowa mu foni mawu onse amafa, ndipo anthu amakhululukira chithunzi chosaoneka bwino koma sapirira mawu osamveka. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, foni igone chopingasa ndipo itsamire pa chinthu cholimba. Mukatha, udzionere wekha. Udzadana nayo nkhope yako ndi mawu ako, aliyense amatero, koma bwerezani mpaka mutapeza mavidiyo atatu amene simukuchita nawo manyazi. Amenewo ndiwo kalata yako yofunsira ntchito. Wotsogolera sewero wa ku Lilongwe sangabwere ku Chintheche kudzakufuna, koma kavidiyo ka mphindi zitatu angathe kukaonera ali pampando wake.

Pitanso kwa aphunzitsi amene ankayang'anira zisudzo kusukulu kwanu, uwapemphe kuti uzithandiza ana pokonzekera mipikisano. Kumeneko n'kumene umakumana ndi oweruza ndi atsogoleri a magulu a ku Mzuzu, ndipo Mzuzu ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera. Mabungwe a zaumoyo ndi a zausodzi akafika m'dera lanu amafuna magulu a zisudzo oti afalitse uthenga, ndipo amafuna olankhula Chitonga. Wayilesi za m'madera nazonso zimasowa masewero. Ndalama zake n'zochepa, koma dzina limayambira pamenepo. Tsiku limene adzakuitane kokajambula, funsa zisadayambe: malipiro ndi angati, thiransipoti ndi malo ogona alipira ndani, seweroli likaonetsedwa kuti. Zilembedwe papepala, ndipo pepala lako usunge.

Za mapointi aja, ngati mtima ukufunadi ku Zomba, kulembanso mayeso si chamanyazi. Ulingalire bwino ndi amayi.

Amayiwo usawaone ngati chotchinga. Akukana chifukwa chimene akuona ndi mwana wawo wamkazi akukwera basi yekha kupita kwa mwamuna wosadziwika. Sewero loyamba mukadzajambula, apatseni malo. Akhale pa thandala lawo la usipa, achite zimene amachita tsiku lililonse, akalipire wogula amene akufuna kutsitsa mtengo. Madzulo mukawaonetse pa foni. Ndipo kavidiyo kameneko unditumizire kuno ku ofesi, ndikufuna ndiwaone.

Azakhali