Ngongole Yobisa Ndiyo Imathetsa Banja

Sabata ino makalata ambiri a omvera achokera kudera la Milonde ku Mulanje, ndipo atatu mwa iwo akudandaula za ngongole imene yalowa m'nyumba mpaka mwamuna ndi mkazi ayamba kugona mofulatirana. Mayina sinditchula, monga mwa nthawi zonse. Ndiwerenga kalata imodziimodzi, koma mayankho anga onse achokera pa mfundo imodzi, yoti banja limatha kupirira ngongole yaikulu imene onse awiri akuidziwa, pomwe yobisa imaligwetsa ngakhale ikhale yochepa.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wa ana anayi. Akuti: "Ndinatenga K100,000 ku banki mkhonde kuti ndigule chimanga ndi kulipirira mwana sukulu. Nditalephera kubweza, ndinakatenga K100,000 ina ya katapila, ya chiwongoladzanja cha K50 pa K100 iliyonse pamwezi, kuti ndikatseke ya kugulu. Theka la ndalamayo linathera pa ufa, moti tsopano ndili ndi ngongole konsekonse. Bambo akunyumba sakudziwa. Kodi ndiwauze, kapena ndingolimbana nazo ndekha mpaka nandolo atacha?"

Mayi, tiyeni tiyambe ndi masamu, chifukwa masamuwo ndiwo akuyankheni. K100,000 ya katapila ikatha mwezi umodzi imakhala K150,000. Mukapanda kupereka kalikonse ndipo mwini ndalama n'kumawerengera chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake, mwezi wachiwiri imafika K225,000, wachitatu K337,500. Ndiye kuti mukadikira miyezi itatu kuti nandolo ache, ngongole yanu idzakhala itaposa katatu, pomwe nandolo wa m'mundamo adzakhala yemwe uja, ndipo mtengo wake mudzauzidwa ndi mavenda tsiku logulitsa. Tsono onani chimene chinakulowetsani m'katapila. Kugulu mukanatha kupempha mwezi wina. Kunyumba mukanatha kugulitsa mbuzi kapena nkhuku zingapo. Koma njira zonsezi zikanachititsa kuti bambo adziwe, choncho munasankha munthu amene amakongoza mwachinsinsi, ndipo chinsinsicho amachilipiritsa mwezi ndi mwezi. Wobisa ngongole amakhala ndi khomo limodzi lokha lotsegula, lomwenso ndi lokwera mtengo kuposa onse. N'chifukwa chake ndikuti auzeni bambo sabata yomwe ino, ngongole isanabereke kachiwiri.

Ndikudziwa kuti wina akumvera pano akuti, "Inu a pawailesi mukulankhula chifukwa simukuwadziwa amuna athu." Mantha amenewo ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Ngati bambo ali ndi mbiri yokweza dzanja, musawauze muli awiri usiku chitseko chili chotseka. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kapena mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, muulule masana anthu ali pakhonde. Ankhoswe anaikidwa kaamba ka masiku ngati amenewa. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, lomwe linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo otere. Ngongole siipatsa munthu aliyense chilolezo chomenya mnzake. Koma taganizirani mbali inayo. Ngongole ya kumudzi siibisika mpaka kalekale, pakuti mlandu suola. Tsiku lina amayi a kugulu adzafika pakhomo m'mawa kudzanyamula ndowa ndi mapoto, anthu akuonerera. Bambo akadzamva nkhaniyi kuchokera kwa inu, mkangano udzakhala wa ndalama. Akadzaimva kuchokera kwa anthu ali pabwalo pake, adzaona kuti mwawavula pagulu, ndipo bala limenelo limachedwa kupola kuposa la ndalama.

Kalata yachiwiri ikuonetsa zomwe ndikunenazi, ndipo yachokera kwa bambo amene ali pachikamwini. Akuti: "Ndinangoona anthu akutulutsa njinga yanga ya kabaza, ati mkazi wanga ali ndi ngongole. Ine sindinasaine paliponse ndipo ndalamayo sindinaione. Ndibwezerenji? Ndikuganiza zongonyamula zovala zanga n'kuwoloka Muloza kukagwira maganyu ku Mozambique."

Bambo, pa mbali ya malamulo muli ndi mfundo. Ngongole ndi ya amene anaitenga, pamodzi ndi amene anavomera kumuimira ngati alipo. Wokongoza alibe mphamvu yolowa pakhomo n'kunyamula katundu amene mwini wake sanamupereke ngati chikole, ndipo njira yake yoyenera ndi kukadandaula kwa amfumu kapena kukhoti. Nkhani ya njingayo ipititseni kwa amfumu mawa lomwe, chifukwa njingayo ndiyo khasu lanu, ndipo kulanda munthu chida chopezera ndalama n'kumayembekeza kuti abweze ngongole n'kudzitchinga wekha. Komabe mawu oti ndalamayo simunaione ndikufuna tiwaunike. Musanamange katundu, funsani mayi akuuzeni kumene ndalama iliyonse inapita. M'boma la Mulanje mabanja ambiri anataya mbewu, ziweto ngakhale nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu n'kukwera mitengo m'misika yonse. Ntchito yambiri ya kumaesiteti a tiyi ndi ya nyengo, imachuluka mvula ikamagwa n'kuchepa m'chilimwe. M'nyumba yotere, nsima ikapezeka madzulo pomwe bambo sanasiye ya ndiwo, pali wina amene wakongola. Ngati ndalamayo inagula ufa, sopo ndi yunifolomu, ndiye kuti munaidya nonse, kungoti mmodzi yekha ndiye analembedwa m'buku.

Mwina muyankha kuti, "Nanga ikapezeka kuti inapita ku zitenje, ku mowa kapena ku juga?" Zikatero, mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo ankhoswe anene poyera amene analakwa. Zomwezi zikukhudzanso abambo amene amakongola mwakabisira n'kukathera ndalama kumowa kapena kubetcha mpira pafoni, mayi n'kudzangoona mbuzi ikukokedwa. Koma kupeza wolakwa ndi nkhani ina, kuimitsa chiwongoladzanja ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi siidikira kuti yoyamba ithe. Pamene mukukangana za amene anayambitsa moto, denga likupsa, ndipo pansi pa dengalo pakugona ana anu. Mukawoloka Muloza, ngongole idzatsala pakhomo ikukula, wokongoza adzatembenukira ku malata ndi ku munda, ndipo udindo wosamalira ana udzakutsatani, chifukwa lamulo la maukwati la 2015 limazindikira maukwati a pachikhalidwe ndipo kutha kwa banja sikuchotsa udindo wa kholo pa ana ake. Ngati pali ganyu yabwino kutsidyako, pitani mutagwirizana ndi mayi, mukudziwa kuti ndalama imene mudzatumize ikatseka ngongole iti. Ulendo wotero umathandiza banja. Wonyamuka usiku osatsanzika umangosiya mayi ndi ana m'manja mwa wokongoza.

Kalata yachitatu yandisangalatsa chifukwa alemba awiri, mwamuna ndi mkazi. Akuti: "Tinakhala pansi n'kuululirana. Tili ndi ngongole zitatu: ya katapila, ya banki mkhonde ya K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ndi ya paokala yopanda chiwongoladzanja. Mayi akufuna tiyambe ya kugulu chifukwa cha manyazi. Bambo akufuna tibwereketse munda kwa zaka zitatu kuti tithane nazo zonse kamodzi. Tikukangana tsiku lililonse. Tiyambe iti?"

Bambo ndi mayi, gawo lovuta mwalidutsa kale, ndipo mkangano umene muli nawo ndi wa anthu amene akukoka chingwe chimodzi. Tengani kope la mwana, mujambule mizere inayi: amene munamukongola, ndalama imene yatsala lero, chiwongoladzanja chake pamwezi, ndi tsiku lobweza. Mukatero muona kuti ngongole zitatuzi sizikuyenda liwiro limodzi. K100,000 ya kugulu, pa K20 pa K100 iliyonse, ikatha miyezi itatu osakhudzidwa imafika K172,800. Ya katapila ija tinaipeza pa K337,500. Ya paokala imakhala pomwe munaisiya. Choncho ndalama iliyonse yotsala mukagula chakudya ipite kaye ku katapila, pomwe kugulu mukupereka chiwongoladzanja cha mwezi kuti ngongoleyo isakule, ndipo mwini okala mukumuponyera kangachepe kuti aone kuti simunamuiwale. Kwa wa katapilayo pitani nonse awiri, ndi mboni, mukamupemphe aimitse chiwongoladzanja ndipo mugwirizane ndalama imodzi yomaliza, yolembedwa papepala ndi kusainidwa. Akhoza kuvomera, chifukwa nkhani ikafika kukhoti, lamulo la Loans Recovery Act limalola woweruza kuunikanso mgwirizano wa chiwongoladzanja chopyola muyeso. Chilichonse chimene mwapereka chilembedwe, ndipo mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wake musaufufute.

Mayi, manyazi amene mukunena ndi enieni, pakuti amayi a kuguluwo ndi omwe mumakumana nawo pamjigo, kutchalitchi ndi pamaliro, ndipo ndalama imene munatenga ndi masheya awo amene akuyembekeza kugawana pakutha pa chaka. Koma chimene chimawapsetsa mtima kwambiri ndi membala amene wasiya kubwera kumsonkhano n'kumazemba njira. Mukafika pamsonkhano ndi bambo, kope lili m'manja, n'kunena kuti mwezi uno mupereka chiwongoladzanja chokha ndipo yotsalayo mudzamaliza mwezi wakuti, gulu lidzakhala ndi chogwira. Gulu ndi anthu oti mungakambirane nawo, ndipo phindu la chiwongoladzanja chanu limabwerera m'bokosi momwe inunso muli ndi gawo. Ya katapila ikapita yapita.

Bambo, za munda ndikukanizani. Ku Mulanje malo ndi ochepa, anthu ndi ambiri, ndipo mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili pansi pa tiyi. Banja limene labwereketsa munda wake kwa zaka zitatu lidzagula chimanga zaka zitatu, ndipo ndalama yogulira chimangacho idzachokera ku ngongole ina. Komanso pachikamwini munda ndi wa mbumba ya kuchikazi, choncho kuupereka popanda mwinimbumba kudziwa n'kuyambitsa mlandu wina pamwamba pa uwu. Gulitsani zimene zingabwerere, monga mbuzi, nkhuku kapena foni yachiwiri, ndipo sungani zimene zimabereka chakudya ndi ndalama, monga munda, njinga ndi makina osokera. Kenako pa tsamba lachiwiri la kope lija lembani miyezi ya chaka ndi zimene zimalowa mwezi uliwonse: malipiro a tiyi m'dzinja, nanazi ndi mapeyala pa nyengo yake, nandolo m'chilimwe, chinangwa, maganyu. Lonjezo lililonse kwa wokongoza ligwere pa mwezi umene ndalama imalowadi, chifukwa lonjezo lophonyedwa ndilo limabweza anthu kwa a katapila.

Pali lamulo limodzi lomwe ndikupempha mabanja onse atatu akhazikitse pamaso pa ankhoswe: kuyambira lero, pasapezeke wotenga ngongole, ngakhale ya K5,000, mnzake asanamve. Ena ati zimenezi zikuchotsa ufulu wa mayi pa geni yake kapena ulemu wa bambo ngati mutu wa banja. Geni ya mayi ikhalebe yake, ndipo bambo akhalebe ndi ya m'thumba. Koma ngongole imaika pachiswe ndowa, malata ndi njinga za nyumba yonse, choncho aliyense wogona m'nyumbamo ayenera kudziwa isanatengedwe. Kope lija likhale pamalo amene nonse mungalitenge, ndipo Lamlungu lililonse madzulo mulitsegule limodzi, mufufute zimene zaperekedwa.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Mayi a kalata yoyamba, mutilemberenso mutiuze mmene zayendera ankhoswe atabwera. Nonse amene muli ndi mafunso pitirizani kutumiza makalata ndi mauthenga, ndipo sabata yamawa tidzayankha amene afunsa za kugulitsa nandolo akadali m'munda.