Diresi lotaya: mmene mungapezere lokukhalani

Wogulitsa madera pamsika akaona kuti mukuzengereza amakulimbitsani mtima: "Tengani mayi, ili ndi firii saizi, limakhala aliyense." Kulowa limalowadi aliyense. Koma dera lomwe latchenetsa mayi wamtali lingathe kumeza wamfupi, n'kungotsala mutu ndi zala zakumapazi.

Mkanganowu si wa lero. Mu 1957 Cristóbal Balenciaga, katswiri wa zovala wa ku Spain yemwe ankasokera ku Paris, atatulutsa diresi lopanda chiuno, anthu analitcha thumba ndipo ambiri analinyoza. Diresilo linkalendewera kuchokera m'mapewa, ndipo luso lonse linali pamenepo. N'chimodzimodzi ndi bubu wa ku Senegal ndi Mali, kapena madera omwe amalonda athu amakapikula ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam. Palibe diresi limodzi lokhala aliyense, koma thupi lililonse lili ndi lake. Tsatani izi kuti mupeze lanu.

1. Yambirani m'mapewa

Diresi lotaya liyenera kugwira penapake, ndipo malo ake ndi m'mapewa. Msoko wolumikiza dzanja la diresi ukhale pomwe fupa la phewa lathera. Ukatsikira pamkono, mudzaoneka ngati mwabwereka. Choncho pogula musayang'ane chiuno, yang'anani mapewa. Pakaunjika, pomwe kuyesa n'kovuta, pitani ndi tepi. Muyezeretu kunyumba diresi lomwe limakukhalani, kuchokera msoko wa phewa ili kukafika linalo, ndipo mukafune muyeso womwewo. Telala amabweza m'mbali kapena kupinda m'munsi mosavuta, koma kukonza mapewa kumafuna kusasula manja ndi khosi lomwe. Dera lilibe msoko wa m'mapewa, ndiye onani khosi: likamatsetsereka n'kuonetsa chingwe cha bula, ndi lalikulu.

2. Onani kagwedwe ka nsalu

Kungani chibakera, muyalepo nsaluyo. Yofewa, monga viscose kapena thonje lopyapyala, imagwa molunjika n'kupanga timapindo ting'onoting'ono. Yolimba, monga chitenje chatsopano, imaima yokha. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa diresi lopanda chiuno limatsika kuchokera pomwe thupi latukuka kwambiri. Mayi wa chifuwa chachikulu akavala nsalu yolimba, nsaluyo imachoka pachifuwa n'kutsika chotalikirana ndi thupi, ndipo thupi lonse limaoneka lalikulu mofanana ndi chifuwacho. Wochepa thupi, nsalu yomweyo imamuwonjezera pomwe pachepa.

Chitenje muchichape musanapite nacho kwa telala. Chimafewa, komanso ngati n'chofupika chikanyowa, chifupikiretu chisanadulidwe. Nsalu yopyapyala muiyang'anitse kudzuwa. Ngati dzanja lanu likuonekera kuseri, konzekerani pitikoti kapena lainingi. M'kutentha kwa Okutobala pewani polyester: ngakhale diresi litataya bwanji, thukuta silichoka.

3. Uzani telala manambala

Mukangoti "likhale lotaya", telala aliyense amamva zake. Yezani pomwe thupi lanu lakula kwambiri, kaya m'chifuwa, pamimba kapena m'matako, ndipo muwonjezere mainchesi 4 mpaka 6. Pamenepo mphepo ilowa, mukhala pansi bwinobwino, koma thupi silisowa. Poyesa, tsinani nsalu mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ikadzaza manja onse awiri n'kutsalabe, yachuluka. Chitenje chimodzi cha mamita 2 chimakwana diresi lalifupi la munthu wochepa thupi. Lalitali gulani ziwiri, kuti telala asachite kulumikiza zigamba.

4. Sankhani kadulidwe ka thupi lanu

Ngati muli ndi mbina koma kumtunda n'kochepa, diresi ligwire mapewa ndi chifuwa, kenako litambasuke pang'onopang'ono kutsika. Lowongoka limathina m'matako n'kukhwepa kumtunda.

Ngati chifuwa n'chachikulu, sankhani khosi la V, ndipo telala asoke madati awiri kuti nsalu ibwerere kuthupi. Pewani makwinya oyambira pamwamba pa mabere. Bula wogwira bwino amasintha kagwedwe ka diresi lonse, choncho mukayese mutavala yemwe mudzavale ndi diresilo.

Ngati pamimba ndiye pakulu, kapena mwangobereka kumene, diresi lowongoka la nsalu yolemererako limadutsa pamimba osakakamira. Makwinya oyambira pansi pa mabere amabisa, koma akachuluka anthu amayamba kukufunsani za sikelo.

Ngati ndinu wamfupi, chepetsani chimodzi: likataya lisatalike kwambiri, likatalika lisataye kwambiri. Maluwa a pachitenje akhale ang'onoang'ono, chifukwa duwa lalikulu ngati mbale limadukira m'msoko n'kukufupikitsani.

Ngati ndinu wamtali wochepa thupi, nsalu yambiri, maluwa akuluakulu ndi manja otambalala zimakukhalani. Chenjerani ndi diresi lothera pakatikati, looneka ngati lachepa.

5. Lithere pomwe mwendo wachepa

Maso a munthu amaima pomwe nsalu yathera. Malo abwino ndi atatu: pansi pang'ono pa bondo, kumunsi kwa katumba, kapena pa akakolo. Likathera pakati pa katumba, miyendo imaoneka yaifupi ndi yonenepa. Manja nawo athere pachigongono kapena pafupi ndi pomwe mumamanga wotchi, osati pamnofu wa mkono. Telala apinde mutalivala, mutavalanso nsapato zake. Kwa a mbina ichi n'chofunika kwambiri, poti diresi lopindidwa patebulo limakwera kumbuyo n'kutsika kutsogolo.

6. Liyeseni mukuyenda

Kalilole amaonetsa kutsogolo kokha, pomwe diresi lotaya limalakwa cham'mbali. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pemphani mnzanu akujambuleni pafoni cham'mbali ndi kumbuyo. Kwezani manja, muone ngati m'khwapa simukuonetsa zam'kati. Weramani ngati mukutola kanthu, muone khosi. Khalani pampando, yendani, kwerani sitepe. Ganiziraninso za tsiku lanu. Nsalu yolendewera imakodwa m'masipoko a kabaza, ndipo manja otambalala ndi oopsa pambaula: viscose imayaka msanga, polyester imasungunukira pakhungu.

7. Likakana, konzani diresi

Ngati mwagula kale ndipo silikukukhalani, yesani kaye zotsika mtengo. Lamba wopyapyala pomwe thupi lanu lachepa, kapena kachingwe kosokerera m'mbali komangira kumbuyo, kamabweza chiuno popanda kuthinitsa. Kulipinda mainchesi awiri kapena kudula manja kumasintha zambiri. Zikakanikabe, musayambe kudana ndi mimba kapena msinkhu wanu. Amene analisoka sanakuoneni n'komwe. Lisandutseni lovala pakhomo, kapena mupatse m'bale wanu yemwe lingamukhale. Ulendo wina, lembani papepala miyeso itatu, wa mapewa, wa pomwe thupi lakula kwambiri ndi utali womwe mukufuna, ndipo musatulutse ndalama tepi isanagwirizane nayo.