Azakhali: Malata a Agogo Alowa mu Belo la Kaunjika

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, msungichuma wa gulu la achinyamata kumpingo kwathu. Chaka chino tinagwirizana zofolera ndi malata nyumba ya agogo ena amasiye yomwe imadontha. Tinachita Pepala Sande, tinatsuka magalimoto, mpaka zinakwana K400,000 ndipo ndinkasunga ndine. Mu Ogasiti ndinatapapo K250,000 n'kukagula belo la kaunjika ku Limbe, poganiza kuti ndigulitsa msanga n'kubweza. Nditalitsegula ndinapeza majekete okhaokha, kunja kutayamba kale kutentha. Pano mvula yayandikira ndipo apampando akuti tikagule malata. Azakhali, ine si wakuba. Ndimasesa m'tchalitchi, ndimakazonda odwala ku Queens, Mulungu akudziwa mtima wanga. Kodi ndikatenge katapila mwakachetechete?

Wosowa Tulo, Blantyre

Wosowa Tulo mwana wanga,

Majekete, dzuwa likuswa mtengo! Amene anakugulitsa belolo akadali kuseka mpaka lero, ndipo inenso wandipweteketsa nthiti. Koma pukuta thukuta ukhale apa tikambirane.

Ukuti si iwe wakuba. Chabwino. Nanga unabwereka kwa ndani? Wobwereka amagogoda, amapempha, mwini wake n'kuvomera kapena kukana. Iwe unapempha thumba lakumanja, lakumanzere n'kuvomereza, mlembi ndi apampando ali mtulo. Ku Capital Hill mu 2013 zoterezi anazitcha Cashgate. Yako yangochepa maziro.

Zoti Mulungu akudziwa mtima wako, usandiopseze nazo. Akuudziwadi, n'chifukwa chake sukugona. Akudziwanso mabeseni amene agogowo amayala pansi mvula ikayamba, ndi mphasa imene amaikokera pakona pomwe sipadontha. Tsache lako ndi maulendo a ku Queens ndi ntchito zabwino, usazisiye, koma si ndalama zimene unasungitsa kumwamba zoti uzikatapa m'thumba la gulu. Yudasi nayenso anali msungichuma, ndipo tsiku limene Mariya anadzoza Yesu mafuta odula, ndi iye amene anakuwa kwambiri za osauka. Yohane, pa mutu 12, sanamubisire: ankatapamo m'thumbamo. Sindikuti ndiwe Yudasi, mwana wa achimwene anga. Ndikungoti munthu angathe kulankhula zokoma za osauka dzanja lili mu ndalama zawo.

Katapila ayi. Wakatapila sadziwa kuti ndiwe wa mpingo. Amayamba ndi kukulanda khadi ya kubanki kapena foni, mwezi ukatha chiwongoladzanja chimabereka chinzake, ndipo tsiku lodzakukumbutsa amasankha Lamulungu, pakhomo pa tchalitchi, anthu akutuluka. Nkhani imene ukubisa apampando idzamveka mpaka kwa ana a Sande sukulu.

Pita wekha kwa apampando sabata ino, asanakufunsenso. Tengana ndi mkulu wampingo mmodzi amene mkamwa mwake simudontha. K150,000 yotsalayo uyiike patebulo, pamodzi ndi pepala losonyeza kuti uzibweza zingati mwezi uliwonse, ndi chimene ugulitse lero lino kuti uyambirepo. Foni imene wandilembera nayo kalatayi ndikuiona ili ndi mtengo. Ukakafika usakayambe ndi nkhani ya Satana. Satana sanakwere minibasi ya ku Limbe, unakwera ndiwe. Nena kuti ndinatenga, sindinapemphe, ndalakwa. Manyazi akugwira ndithu, mwina mpaka kukuimika pa bwalo la akulu ampingo, koma wodziulula yekha ndi wogwidwa saweruzidwa mofanana. Ndalama zotsalazo zigule malata amene zingakwanitse tsiku lomwelo. Mbali yotsala ya denga ukwerepo wekha ndi pepala la pulasitiki logula ndi ndalama zako.

Gulu lanulo nalonso ndili nalo mawu. Anthu a ndevu zawo kusiyira mnyamata mmodzi K400,000 pansi pa matiresi miyezi yonseyi? Mwaiwala Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo m'mashopu n'kusintha anthu akuona? Ndalama za malata zimasanduka malata zikangokwana. Ndipo ngati n'zosunga, zikhale kubanki, osayinira awiri kapena atatu. Ena amati kuwerengetsa ndalama m'tchalitchi n'kusakhulupirirana. Bodza. Paulo weniweniyo, potolera chopereka cha Akhristu osauka a ku Yerusalemu, sanafune kuchigwira yekha. Pa 2 Akorinto mutu 8 akufotokoza za Tito ndi abale ena, mmodzi wa iwo wochita kusankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena pa ndalamazo. Ngati mtumwi ankafuna mboni, iwe wa kaunjika ndiwe yani?

Mwina akuchotsa pa udindo. Akatero vomera, ndipo Lamulungu likubwerali ukapezeke pa benchi lako lomwe lija, ngakhale amayi a kumbuyo akodolane. Usakwiye n'kukachita lendi kalasi pasukulu ya pulaimale kuti uyambitse mpingo wako, iwe n'kukhala m'busa, mlembi ndi msungichuma yemwe. Yotereyo ilipo kale yokwanira.

Ndine Azakhali ako.