Tabuleti yojambulira: musathamangire kunena kuti ndi yakufa

Tabuleti yojambulira yokhala ndi sikirini si iPad ayi. Popanda kompyuta ndi galasi chabe. Ndaonapo anthu akuitanitsa Huion Kamvas 13 kapena XP-Pen Artist 12 ku Johannesburg, n'kudzazindikira katundu atafika kuti laputopu yawo ilibe polowetsa HDMI, kapena USB-C yake sinyamula chithunzi. Yang'anani zimenezi ndalama zisanachoke. Zing'onozing'onozi zimagwera pa madola 200 mpaka 300, pomwe Wacom Cintiq 16 ndi 600 kapena kuposa. Nambala ya 8192, ya milingo ya kukanikiza kwa cholembera, yomwe ogulitsa amaitchula monyadira isakutengeni mtima, pafupifupi zonse zili nayo.

Pamene ambiri amagwa ndi pa driver, pulogalamu yomwe imalumikiza tabuleti ndi kompyuta.

Ngati kompyutayo inalumikizidwapo ndi tabuleti ina, ngakhale ya mnzanu tsiku limodzi lokha, chotsani kaye driver yakaleyo, muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso. Ya Wacom ndi ya Huion sizimvana m'nyumba imodzi. Zikakumana, mzere umatuluka wonenepa chimodzimodzi kaya mwakanikiza kaya mwangokhudza, ndiye munthu n'kuyamba kulalata kuti amugulitsa chinthu chakufa. Driver yatsopano itengeni pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga tabuletiyo, osati pa fulashi ya mnyamata wokonza mafoni. Ndibwereze poti anthu samva: yakale ichoke kaye, kompyuta izimitsidwe, kenako yatsopano.

Mukatsegula driver, iuzeni sikirini yoti cholembera chizitsatira. Mukapanda kutero mudzaona mukukanda pa tabuleti, kamuvi kakuyenda pa laputopu.

Tsopano calibration, yogwirizanitsa nsonga ya cholembera ndi kamuvi. Patuluka timitanda toti mudine. Khalani pampando momwe mumakhalira pojambula, cholembera muchigwire mwa masiku onse. Amene amadina ali chiimire, tiyi kudzanja linalo, akakhala pansi amapeza mzere ukutulukira pambali pa nsonga, chifukwa pakati pa nsonga ndi chithunzi pali galasi, ndipo diso likasintha malo zonse zimasuntha. Mukasintha kapendekekedwe ka tabuleti, bwerezani.

Ngati mu Krita, pulogalamu yojambulira yomwe ndi yaulere, kukanikiza sikukugwirabe, pitani pa Tablet settings musinthe pakati pa WinTab ndi Windows Ink, mutseke pulogalamuyo n'kuitsegulanso.

Nsonga ya cholembera ikatha mbali imodzi, ikani ina. Zapadera zimabwera m'bokosi momwemo, ndipo yothayo imakanda sikirini.