Khungu nalo limamwa: phunziro la mankhwala a m'munda

Tiwerenge tsamba ili mosinthana, munthu mmodzi ndime imodzi. Tikafika pa funso tiime kaye mpaka aliyense amene ali ndi mawu alankhule. Ambiri m'gulu lathu ndinu alimi, ndipo ena mwabereka sipureya kumsana kwa zaka zambiri. Zimene mukudziwa zikufunika pano.

Tiyambe ndi liwu limene limatisokeretsa. Mapilitsi a mutu timati mankhwala, a malungo timati mankhwala, ndiponso madzi a m'botolo lophera mbozi timati mankhwala. Mwana akamva liwu limeneli amaganiza za chinthu chochiritsa, ndipo ngakhale ife akuluakulu mtima umakhala m'malo. Koma zimene zili m'botolo lija anazipanga kuti ziphe chamoyo. M'tsamba lino nthawi zina ndizitchula kuti poizoni, ndipo ndachita dala.

Kale opopera anali makamaka alimi a thonje, fodya ndi matimati. Zinthu zinasintha pamene mbozi yachilendo ya fall armyworm inalowa m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017. Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi. Kuyambira pamenepo ngakhale chimanga cha chakudya chinayamba kupoperedwa, ndipo botolo la poizoni linalowa m'nyumba za anthu amene palibe anawaphunzitsapo kagwiridwe kake.

Khomo limene sitililondera

Mukafunsa munthu kuti poizoni amalowa bwanji m'thupi, amaloza pakamwa. Wina amawonjeza mphuno. Zonsezi ndi zoona, koma kwa munthu wopopera khomo lalikulu ndi khungu. Alimi a fodya umboni ali nawo kale. Munthu akathyola fodya m'mawa masamba ali ndi mame, malaya n'kunyowa, pofika masana amamva chizungulire, mutu, nseru, mwina n'kusanza. Fodyayo sanasute ndipo sanatafune. Chikonga cha m'masamba chasungunuka m'mame n'kudutsa pakhungu mpaka m'magazi. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amayenda njira yomweyo.

Khungu silimwa mofanana paliponse. La pamphumi, m'mutu, m'khwapa ndi kumaliseche limamwa msanga kuposa la pamkono. Kukatentha, munthu akamatuluka thukuta, limamwa kwambiri. Pamene pali bala kapena mng'alu ndiye khomo lili pululu. Tsono taganizani za munthu amene wabereka sipureya ya malita 16 yothonya pa chivindikiro. Madzi aja akutsika ndi msana, akunyowetsa lamba ndi kabudula, ndipo iye akhala nawo choncho mpaka dzuwa lipendeke. Pakati pa ntchito apukuta thukuta pamphumi ndi dzanja, apita kukataya madzi osasamba m'manja. Kamlomo ka sipureya kakatsekeka, akauzira ndi pakamwa.

Nthawi yoopsa kuposa zonse ndi yosakaniza. M'botolo muli poizoni wosasungunula, ndipo dontho limodzi la mmenemo liposa madontho ambirimbiri a m'sipureya. Komatu ndi nthawi yomwe anthu amathamanga nayo: kuyeza ndi chitsekero cha botolo, kutakasa ndi dzanja, kununkhiza kuti amve ngati mankhwalawo ndi enieni.

*Mwa zimene tawerengazi, ndi ziti zimene timaziona m'mudzi mwathu muno? Munthu amene amachita zimenezi, kodi n'chifukwa chosadziwa, chosowa zipangizo, kapena chothamangira ntchito?*

Zimene amachita akalowa

Mankhwala onse safanana. Cypermethrin, amene ambiri amapopera mbozi, amayabwa ndi kuotcha pakhungu, makamaka kumaso, ndipo amayetsemulitsa. Gulu lina ndi la dimethoate ndi chlorpyrifos, limene akatswiri amalitcha ma organophosphate. Ili ndi lofunika kulimvetsa bwino.

M'thupi mwathu mitsempha imatumiza uthenga ku minofu ndi ziwalo: gwira, tulutsa malovu, puma. Uthenga ukafika, pali kanthu kena m'thupi kamene kamaufafaniza kuti mnofu upumule. Poizoni wa gulu ili amamanga kanthu kofafaniza kaja, ndiye uthenga umangobwerabwera osaleka. N'chifukwa chake munthu amatuluka dovu, misozi ndi thukuta lambiri, amasanza, amatsegula m'mimba, minofu imanjenjemera, ndipo kamwana ka diso kamachepa ngati nsonga ya singano. M'chifuwa mukadzaza madzi, kupuma kumavuta, ndipo apa ndi pamene anthu amafera. Tameki amene amagulitsidwa m'timapepala pamsika ngati wophera makoswe amagwiranso ntchito mofanana ndi imeneyi.

Vuto ndi lakuti zizindikiro zoyamba zimafanana ndi za malungo: mutu, kufooka, nseru. Munthu amagula mapilitsi pa golosale, mawa n'kubwerera kumunda ndi zovala zomwe zija. Kuchipatala ali ndi jakisoni wa atropine amene amalimbana ndi poizoni wa gulu limeneli, koma dokotala ayenera kuuzidwa kuti wodwalayo amapopera. Palinso mankhwala ena, monga paraquat wophera udzu, amene alibe chowasukulutsa chilichonse.

Pano ndilankhule mosabisa za mkaka. Anthu ambiri amakhulupirira kuti ukamwa mkaka utatha kupopera, poizoni amatha mphamvu. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma sufika kumene poizoni wapita. Iye walowera pakhungu, ali kale m'magazi. Chikhulupiriro chimenechi ndi choopsa chifukwa chimalowa m'malo mwa sopo ndi madzi. Ndalama ya mkakayo bola igule sopo.

*Ndi njira ziti zina zimene tinamva kuti zimasukulutsa poizoni? Tingamuuze bwanji munthu wamkulu amene wakhala akuzikhulupirira kwa zaka zambiri, popanda kumuchititsa manyazi?*

Poizoni amabwera nafe kunyumba

Ngozi siithera kumunda. Bambo akaweruka amafika ndi malaya onyowa aja, mwana amawathamangira kuti amunyamule. Malayawo amaponyedwa m'beseni limodzi ndi matewera, ndipo amachapa ndi mayi, manja ali osavala kanthu, mwina ali woyembekezera. Ndowa imene anasakanizira imabwerera kumjigo. Botolo likatha amalitsuka n'kusungiramo mchere kapena mafuta ophikira. Poizoni wotsala, kapena wogula moyeza pamsika, amathiridwa m'botolo la zakumwa, lopanda dzina, n'kuikidwa kunsi kwa bedi. Mwana wa zaka zitatu sawerenga, amangodziwa kuti m'botolo lotere mumakhala zotsekemera.

Botolo lotha litsukidwe katatu, madzi otsukirawo athiridwe m'sipureya momwemo, kenako libooledwe kuti wina asadzaligwiritsenso ntchito. Sipureya isatsukidwe pamtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha tsiku lomwelo, ndipo wopopera asambe thupi lonse ndi sopo asanadye, asanagwire mwana. Poizoni akhale m'botolo lake lenileni, m'bokosi lokhoma, kunja kwa chipinda chogona ndi kutali ndi ufa.

Loko ameneyu amateteza ana, koma si ana okha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati mwa anthu asanu alionse amene amadzipha, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala a m'munda. Nthawi zambiri zimachitika mtima utatentha, pambuyo pa mkangano kapena ngongole itapanikiza. Mtima wotere umazizira ngati botolo silili pafupi. Ngati m'nyumba muli munthu amene akuvutika maganizo, kiyi asunge wina, ndipo munthuyo tisamusiye yekha.

Chimanga cha m'nyumba nacho tichitchule. Actellic ali ndi muyeso wake wolembedwa pa paketi, ndipo kuwonjeza sikupha anankafumbwe kawiri. Mapilitsi ofukizira chimanga ndi nkhani ina: amatulutsa mpweya wakupha, ndipo sayenera kuikidwa m'nyumba yogona anthu ngakhale pang'ono. Amene angakwanitse, matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala alionse.

Amene amabereka sipureya ndani?

Kawirikawiri mwini munda sapopera yekha. Amapopera ndi waganyu, kapena mnyamata wa pakhomo amene wajomba kusukulu. Waganyu sangafunse magolovesi, chifukwa akafunsa ntchito ipita kwa wina. Ine ndikuona kuti amene wagula botolo ndi amene ali ndi udindo wa khungu la munthu amene wamutuma. Ndipo mwana, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asapatsidwe ntchito imeneyi konse.

Ovolosi, jombo, magolovesi a mphira ndi chotchinga kumaso n'zodula kwa banja limodzi. Koma sipureya timabwerekana kale. Chingalephereke n'chiyani kuti mabanja asanu asonkhe zovala zoyendera limodzi ndi sipureyayo? Pamene zovalazo sizinapezeke, malaya a manja aatali, buluku lalitali, nsapato zotseka ndi chipewa ndi bwino kusiyana ndi kabudula ndi mapazi. Kupopera kuchitike m'mawa kapena madzulo, kopanda mphepo yambiri, ndipo mphepoyo izichokera kumsana. Pa botolo pamalembedwanso masiku oyenera kudikira musanakolole. Matimati opoperedwa dzulo n'kupita nawo kumsika lero amadyedwa ndi ana a mnzathu. Mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board, ndipo amabwera ndi chipepala chake cha malangizo. A m'botolo lopanda dzina, tingowasiya.

*Tiyerekeze kuti mwalemba waganyu, mulibe zovala zodzitetezera, ndipo mbozi zikutha munda. Mungachite chiyani? Nanga mukanakhala inu waganyuyo, mukanafuna mwini munda achite chiyani?*

Ngozi ikachitika

Mchotseni munthuyo pamalopo. Muvuleni zovala zonyowa, inu mutavala pulasitiki m'manja, ndipo musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri. Ngati poizoni walowa m'maso, thirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15. Ngati wamwa, musamusanzitse, ndipo musamupatse mkaka, mafuta, mazira kapena madzi a mchere, chifukwa masanzi akalowa m'mapapo zinthu zimaipiratu. Ngati wakomoka, mugonekeni chammbali. Thamangani naye kuchipatala ngakhale akunena kuti wapeza bwino, ndipo botololo mulitenge, mutalimanga m'pulasitiki, kuti dokotala awerenge dzina lake.

Tisanakumanenso, aliyense akayang'ane kunyumba kwake: poizoni ali pati, ali m'botolo lanji, ndipo mwana angamufikire? Botolo musabwere nalo kuno. Mukopere papepala dzina lake, muyeso wake ndi masiku odikira musanakolole, kuti tidzawerenge pamodzi ndi kuthandiza amene Chingerezi chimawavuta. Tisankhenso anthu awiri oti akaonane ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo a dera lathu, akawafunse tsiku limene angabwere kudzatisonyeza kasakanizidwe koyenera, anthu a m'mudzi onse ataitanidwa.