Phunziro la Ulimi: Alonda a m'Nthaka

Mlimi aliyense adziwa chisoni chimene chimgwira poona mbande zake zitafota, mizu itaola. Kawirikawiri choipa ichi chichokera ku nkhungu yokhala m'dothi. Koma m'dothi momwemo Mulungu anaikamo alonda: tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya.

Alondawa agwira ntchito zitatu. Choyamba, amanga mudzi wao pa mizu, nadya chakudya chimene nkhungu ikadadya. Chachiwiri, atulutsa mankhwala opha nkhunguyo. Chachitatu, adzutsa mmera kuti udziteteze wokha.

Anthu ophunzira a ku America anasankha mtundu wina, dzina lake Bacillus subtilis, nauweta, kuti alimi a thonje aziupaka pa mbewu asanabzale. Ku Finland anapeza mtundu winanso, Streptomyces, m'dothi la m'madambo, nauyesa mlonda wa ndiwo zamasamba.

Tsono ife titani? Alonda a m'minda mwathu adya zinyalala zoola. Wotentha mapesi awamana chakudya. Wothira manyowa awachulukitsa. Koma dziwani kuti iwo ateteza, sachiritsa. Mmera wodwala kale muuzule msanga, ndipo musabwereze mbewu imodzimodzi pa munda womwewo chaka ndi chaka.